Mbiri ya Nthenda ya Taifodi m'Malokesheni a Harare

Iri yowerengeka midzi ya ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete imene sinatumizeko mwana wace ku Harare. Kuyambira masiku a makolo, anyamata analikunyamuka pansi, naoloka Zambezi pa Tete kapena pa Feira, kukafuna nchito ku Salisbury. Pambuyo pace ena anakwera galimoto za Ulere, ena anacita kulembedwa ndi Mthandizi. Ambiri anabwera kwao ndi njinga ndi masutukesi, koma enanso ambiri anachona. Adzukulu a machona aja ndiwo ali ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivaresekwa, Mabvuku ndi Tafara, kumene ng'oma ya gule wamkuru imamveka pa maliro monga kwao kwa makolo. Cifukwa cace mbiri ya nthenda imene yasautsa malokesheni amenewa siiri ya eni dziko la Zimbabwe okha ai. Iwakhudza omvera a maiko onse atatu.

Nthendayo ndi taifodi. Imadza ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, kamene adokotala akacha Salmonella Typhi. Kacirombo aka kali ndi abale ace ambiri a pfuko la Salmonella, okhala m'matumbo a nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe, ndipo ndiwo amene amamtsegula munthu m'mimba atadya dzira losapsa kapena nyama yogonetsa. Koma ka taifodi kasiyana ndi abale acewo pa cinthu cimodzi: sikakhala mwa ciweto ciri conse, koma mwa munthu yekha. Katuruka mwa munthu pamodzi ndi cimbudzi cace, mwina ndi mkodzo, ndipo kalowa mwa mnzace pakamwa, ndi cakudya kapena ndi madzi. Mau awa sakoma kuwamva, komatu tanthauzo lace ndi lakuti yense wodwala taifodi wadya kapena kumwa kanthu kakang'ono kocokera m'mimba mwa munthu wina.

Kakalowa sikafulumira. Ipita sabata imodzi, ziwiri, kapena zitatu munthu osamva kanthu. Kenaka mutu uyamba kuwawa, thupi lifoka, ndipo kutentha kwace kukwera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Ena atsegula m'mimba, ena adzimbidwa. Pakuti ciyambi cace cifanana ndi malungo, ambiri ataya masiku ali kumwa mankhwala a malungo. Sabata yacitatu ndiyo yoopsa, cifukwa zironda za m'matumbo zikhoza kukha mwazi kapena kubooka, ndipo matumbo akabooka munthu sangapulumuke popanda kucitidwa opaleshoni. Masiku amene kunalibe mankhwala, mwa odwala 10 mmodzi kapena awiri analikufa.

Palinso cina cozizwitsa. Mwa anthu 100 ocira, awiri kufikira asanu atsala ndi tizirombo mu ndulu yao. Iwo ayenda, aseka, agwira nchito osamva kanthu, koma cimbudzi cao cikhala coopsa miyezi ndi zaka. Wodziwika koposa mwa otere ndiye Mary Mallon, wophika m'nyumba za anthu olemera ku New York. M'caka ca 1907 kunapezeka kuti nyumba zambiri zimene iye anagwiramo nchito zinagwidwa ndi taifodi, ndipo Boma linamsunga kwa yekha pa cisumbu. Anamasulidwa, nabwereranso ku nchito yophika, nagwidwanso m'caka ca 1915, ndipo anafera pa cisumbupo m'caka ca 1938. Maiyo anakana kuti ali ndi nthenda, pakuti sanadwalepo.

Nzeru izi sizinadziwike tsiku limodzi. Kale Azungu analikuganiza kuti taifodi idza ndi pfungo loipa la m'ngalande. Dokotala William Budd, ataona mmene nthenda inayendera khomo ndi khomo m'mudzi wa kwao wa North Tawton ku Mangalande m'caka ca 1839, ndiye analimbikira kunena kuti iyenda ndi zoturuka m'mimba mwa odwala. Karl Eberth anakaona kacirombo keni keni m'caka ca 1880, ndipo Georg Gaffky anakabereketsa m'mbale zoyesera m'caka ca 1884. Katemera woyamba anapangidwa m'caka ca 1896, koma ambiri sanamkhulupirire. Pa nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu ku South Africa, 1899 kufikira 1902, asilikari a Angelezi oposa 8,000 anafa ndi taifodi, osati ndi cipolopolo. Mankhwala ociza anacedwa kufikira caka ca 1948, pamene Theodore Woodward ndi anzace anayesa chloramphenicol pa odwala ku Malaya, naona kutentha thupi kuli kutsika m'masiku owerengeka.

Asaganize munthu kuti iyi ndi nthenda ya anthu akuda kapena ya maiko otentha. M'caka ca 1964 anthu oposa 500 anagonekedwa m'zipatala ku Aberdeen m'dziko la Scotland cifukwa ca citini cimodzi ca nyama ya ng'ombe cocokera ku Argentina. Citinico anaciziziritsa ndi madzi a mumtsinje osathira mankhwala, ndipo makina odulira nyama m'sitolo anapatsira tizirombo ku nyama zina zonse.

Tsono za Harare. Mzindawu unayamba m'caka ca 1890, pamene Azungu anamanga linga la Fort Salisbury pafupi ndi madambo a mtsinje wa Mukuvisi. Zaka zoyamba zimbudzi zinali za ndowa, zokataya usiku pa ngolo, ndipo madzi anali a m'zitsime. M'caka ca 1907 Khonsolo inapatula malo kumwera kwa mzinda akhale lokesheni ya anthu akuda. Ndiyo Harari, imene lero ichedwa Mbare. Highfield inatsatira m'zaka za m'ma 1930.

Cimene ciyenera kukumbukika pa malokesheni awa ndi maganizo a amene anawamanga. Iwo sanayembekeze kuti munthu wakuda adzakhala m'tauni ndi mkazi ndi ana kufikira ukalamba. Anamuyesa mlendo wodzagwira nchito zaka zowerengeka ndi kubwerera kumudzi. Lamulo la caka ca 1946 linakakamiza olemba nchito kulipirira anchito ao malo ogona, ndipo nyumba zazikuru zosanja monga Matapi, Nenyere ndi Shawasha zinamangidwira amuna opanda mabanja, angapo m'cipinda cimodzi, zimbudzi ndi mosambira za onse kumapeto kwa khonde. Anyamata ambiri a ku Nyasaland anagona m'nyumba zotere. Mipope ya madzi ndi ya zonyansa inayesedwa molingana ndi ciwerengero ca amuna aja, osati ca mabanja.

Cinthu caciwiri ndi malo a nyanja. M'caka ca 1952 mtsinje wa Hunyani, umene lero uchedwa Manyame, unatsekedwa kumadzulo kwa mzinda, ndipo panakhala nyanja ya McIlwaine, lero Chivero. Madzi ace amayeretsedwa pa Morton Jaffray ndi kupopedwa kukwera ku mzinda. Bvuto lace ndi lakuti mzinda uli kumtunda, nyanja iri kumunsi. Zonyansa za mzinda zipita ku Firle ndi ku Crowborough kukasefedwa, ndipo madzi otsala atsikira m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, imene ithira m'nyanja yomweyo. Makina onse akamayenda bwino palibe coopsa. Koma tsiku limene kusefa kulephera, Harare atunga kumunsi kwa cimbudzi cace.

Kunena zoona, makinawo anayenda bwino zaka zambiri. M'masiku a Citaganya, 1953 kufikira 1963, mzinda unakula msanga ndithu, ndipo Mufakose, Dzivaresekwa ndi Kambuzuma anamangidwa m'zaka zimenezo ndi zotsatira, ali ndi mipope yao. Taifodi inalipo, odwala analikugonekedwa ku cipatala ca matenda opatsirana ca Beatrice Road, cimene anthu acicha Nazareta, koma siinali mliri wa caka ndi caka. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1980, malamulo oletsa mabanja kukhala m'tauni anali atatha, ndipo anthu anadza ambiri. Salisbury anachedwa Harare m'caka ca 1982. Glen View, Warren Park, Kuwadzana ndi Budiriro anadzaza. Cipinda ca ku Matapi comangidwira amuna owerengeka cinasanduka nyumba ya mabanja awiri kapena atatu ocinga ndi nsaru pakati. Komabe m'zaka za m'ma 1980 munthu analikumwa madzi a pa mpope ku Harare wopanda mantha.

Kugwa kunadza pang'onopang'ono. Anthu anacuruka, mipope inakalamba, ndipo ndalama zokonzera zinasowa. Pa kalembera wa caka ca 2022 cigawo ca Harare cinali ndi anthu oposa 2,400,000, koma nyanja ya Chivero ndi makina a Morton Jaffray ndi ziyambi za zaka za m'ma 1950. M'caka ca 2005 Boma linagwetsa nyumba zosaloledwa ndi misika m'nchito yochedwa Murambatsvina. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inawerengera kuti anthu ngati 700,000 m'dziko lonse anataya pogona kapena popezera cakudya. Ena anakapanikizana kwa abale m'nyumba zotsala, ena anakaikidwa ku Hopley kumene kunalibe mipope. Caka comweco nchito ya madzi a mzinda inacotsedwa m'manja mwa Khonsolo ndi kupatsidwa bungwe la Boma la ZINWA, ndipo inabwezedwa m'caka ca 2009. Pakati pa zaka zimenezi ndalama ya dziko inatha mphamvu, mankhwala oyeretsera madzi anabvuta kugula, ndipo malokesheni ena anakhala miyezi mpope osadontha.

Coyamba kufika sicinali taifodi koma kolera. Inabuka ku Chitungwiza mu Ogasiti 2008, inalowa ku Budiriro, nifalikira dziko lonse. Pofika pakati pa caka ca 2009 odwala anaposa 98,000 ndipo akufa anaposa 4,000. Mabungwe acifundo anakumba mijigo yambiri m'malokesheni, imene eni ace aicha chibhorani, ndipo anthu nao anakumba zitsime zosaya kuseri kwa nyumba zao. Izi zinapulumutsa miyoyo pa nthawiyo. Koma mjigo wokumbidwa pafupi ndi mpope wa zonyansa wophulika uli ngati nkhokwe yomangidwa pa culu.

Apa mpofunika kumvetsa mmene madzi aipira. Mpope wodzaza ndi madzi ukabooka, madzi aturuka kunja ndipo zonyansa sizilowa. Koma mpope wouma, umene ulandira madzi masiku awiri pa sabata, uyamwa za m'nthaka pa ming'alu yace. Mpope wa zonyansa nawonso ufuna madzi ambiri kuti ziyende. Madzi akasowa utsekeka, ndipo zonyansa zibwerera ndi kusefukira m'miseu. Mvula ikagwa izitenga ndi kuzitsitsira m'zitsime. Cotero kusowa madzi ndi kuipa kwa madzi si mabvuto awiri ai, ndi limodzi.

Taifodi inaonekera ku Mabvuku ndi Tafara kuciyambi kwa caka ca 2010. Mu Okutobala 2011 inabuka ku Dzivaresekwa, ndipo pofika Meyi 2012 anthu oganiziridwa kuti ali nayo mu Harare anaposa 4,000, ambiri a iwo ana ndi acinyamata. Oyesa madzi anapeza zizindikiro za cimbudzi m'zitsime zosaya ndi m'mijigo yina. Mu Januwale 2012, nthendayo itakula ku Kuwadzana, akuru a za umoyo a mzinda analengeza kuti apeza tizirombo m'nyama ndi nsomba zogulitsidwa poyera, ndipo Khonsolo inatseka malo oocherapo nyama, pamodzi ndi malo ochuka a kwa Mereki ku Warren Park.

Kuyambira pamenepo mlandu unabuka umene sunathe msanga: kodi colakwa ndi cakudya kapena madzi? Unabukanso pamene taifodi inalowa ku Mbare kumapeto kwa caka ca 2016. Kuyambira Okutobala 2016 kufikira kumayambiriro kwa 2017 analembedwa odwala oposa 800 mu mzinda, ndipo anai anamwalira. Mu Januwale 2017 Boma linaletsa kugulitsa zakudya m'miseu ya Harare, ndipo apolisi anathamangitsa ogulitsa. Koma oyesa madzi anapeza kuti yambiri mwa mijigo imene anayesa ku Mbare inali yoipitsidwa, ndi kuti mipope ya zonyansa inali yotsekeka m'malo ambiri.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi coonadi cace. Mbare Musika ndiwo msika waukuru wa ndiwo zamasamba ndi zipatso, ndiponso pofikira mabasi a kumidzi. Munthu mmodzi wonyamula tizirombo akamagulitsa nsima kapena masuku pamenepo, akhoza kutumiza nthenda kutali tsiku limodzi. Zakudya zosaphika, zipatso zotsukidwa ndi madzi oipa, ndiwo zothiriridwa ndi madzi a mu Mukuvisi, ndi cakudya cozizira cimene nchenche zateraapo, zonsezi ziri njira zeni zeni. Komatu nyama payokha siibala taifodi, pakuti kacirombo sikakhala mwa ng'ombe kapena nkhuku. Kafika pa nyama ndi dzanja losasamba, kapena ndi madzi otsukira mpeni ndi mbale. Mai wogulitsa nsima pa msika wopanda mpope ndi cimbudzi atsuka mbale zace zonse m'ndowa imodzi, cifukwa ndowayo waitunga kutali ndipo mwina waigula. Kumthamangitsa maiyo nkwapafupi, ndipo kuoneka ngati nchito. Kukonza mpope wa pansi pa mseu kufuna ndalama zambiri ndi zaka. Akuru a mzinda kawirikawiri anayamba ndi capafupico, ndipo ogulitsa analikubwerera apolisi atapita, pakuti ana ao anafuna kudya.

Nthenda siinacedwe kubweranso. Mu Okutobala 2017 inabuka m'nyumba zomwe zija za Matapi, inalumphira ku Kuwadzana, ndipo pofika Febuluwale 2018 oganiziridwa anaposa 3,000. Mu Ogasiti 2018 inapha anthu ku Gweru, ndipo mu Sepitembala kolera inagwa ku Glen View ndi Budiriro, kumene taifodi inalipo kale. Mabanja ena anasamalira odwala a nthenda ziwirizi nthawi imodzi.

Maiko oyandikana sanasiyidwe. M'caka ca 2009 nthenda yacilendo inagwira anthu oposa 300 m'boma la Neno ku Malawi ndi ku Tsangano tsidya la malire ku Mozambique. Odwala ena analikudzandira, ena kulephera kulankhula bwino, kotero kuti poyamba sikunadziwike kuti ndi ciani. Poyesa mwazi kunapezeka kuti ndi taifodi. Ku Lusaka odwala oposa 2,000 analembedwa pakati pa 2010 ndi 2012. Ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kale analikupeza kacirombo aka m'mwazi wa anthu ngati 14 pa caka, m'caka ca 2013 anakapeza mwa anthu oposa 800.

Cimene cinakulitsa miliri iyi ndi mtundu wina wa kacirombo, wocokera ku Asia, umene adokotala aucha H58. Mtundu uwu sumva mankhwala atatu akale, ndiwo chloramphenicol, ampicillin ndi cotrimoxazole. Adokotala anatembenukira ku ciprofloxacin, koma pofika 2018 tizirombo tambiri ta ku Harare tinayamba kusamvanso mankhwala amenewa, ndipo odwala anafuna azithromycin kapena jekeseni wa mtengo wapatali. Cimodzi ca zifukwa zace ndi cizolowezi cogula makapisozi anai kapena asanu pa mseu ndi kuleka kumwa thupi likangozizira. Tizirombo tofoka tifa, tolimba titsala ndi kuberekana. Ku Pakistan, kuyambira caka ca 2016, unabuka mtundu wosamva ngakhale jekeseni uja.

Thandizo latsopano linacokera ku India. Akatemera akale a taifodi sanali kugwira bwino mwa ana osakwana zaka ziwiri, ndipo mphamvu yao inali kutha m'zaka zowerengeka. Katemera watsopano wa Typbar-TCV, wopangidwa ndi Bharat Biotech, abayidwa kamodzi kokha ndipo agwira mwa mwana wa miyezi 6. Kumuyesa kwace koyamba mu Africa kunacitika ku Blantyre m'caka ca 2018, pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, ndipo kunaoneka kuti pa ana 10 amene akadadwala, 8 anachinjirizidwa. Harare sanadikire mapeto a kuyesako. M'sabata yoyambira pa 25 Febuluwale 2019, anamwino anabaya anthu oposa 300,000 m'malokesheni 9 osautsidwa koposa, ana a miyezi 6 kufikira zaka 15, ndipo ku Mbare anabaya ndi akuru omwe kufikira zaka 45. Aka kanali koyamba mu Africa kugwiritsa nchito katemerayu pothana ndi mliri. Mu Meyi 2021 Zimbabwe inabaya ana m'dziko lonse niika katemerayu pa ndandanda ya sikelo ya ana a miyezi 9. Malawi anacita cimodzimodzi mu Meyi 2023.

Mwa ana obayidwa taifodi inacepa. Koma katemera achinjiriza mwana, sayeretsa madzi. Mu Sepitembala 2019, miyezi 7 citacitikire kubaya kuja, makina a Morton Jaffray anaimitsidwa cifukwa Khonsolo inasowa ndalama zakunja zogulira mankhwala oyeretsera, ndipo mizere ya ndowa inatalika pa mijigo ya Budiriro ndi Glen View. Mu Novembala 2023 akuru a mzinda analengeza za ngozi ya kolera, nthenda imene katemera wa taifodi alibe nayo mphamvu. Cimake ca mliriwo cinali Kuwadzana, lokesheni yomwe ija kumene anapeza tizirombo m'nyama ndi nsomba mu Januwale 2012.